Thumba la banja: kuthandiza abale osadzipha nokha

Banja lililonse lili ndi munthu mmodzi amene foni yake siipuma. Mwezi ukangotha ayambapo kumufulasha, uku agogo adwala, uku mwana wa achemwali alibe yunifolomu, uku feteleza. Ine ndakhala munthu ameneyo zaka 6, ndinkatumiza ndithu koma ndikapita kumudzi denga la amayi likudonthabe, beseni lili pakati pa balaza. Chifundo chinalipo chambiri, dongosolo ndi limene kunalibe. Ndiye tamverani zimene tinachita kwathu titatopa, tinayambitsa thumba la banja lothandizira abale.

Musayambire pa WhatsApp. Gulupu idzabwera pambuyo. Yambani ndi mwinimbumba, kwa ife ndi amalume, pitani ndi kashuga mukhale nawo pakhonde muwafotokozere bwinobwino, chifukwa mukawadumpha mumva kuti ana a mtauni ayamba kutilamula ndipo nkhani yathera pomwepo. Akavomera, itanani msonkhano nthawi imene anthu akumana kale, kaya pa Khrisimasi kaya pomanga chiliza, kuti pasakhale wodandaula za thiransipoti.

Pamsonkhanopo lamulo loyamba likhale loti aliyense aziponyamo. Aliyense. Wa salale ndalama, wa ku Joni atumize pa Mukuru, wa kumudzi ndowa ya chimanga kapena mtedza kapena nkhuku, amene alibiretu apereke manja ake. Msuweni wanga wina sanaperekepo ngakhale K500 koma njerwa zonse za khitchini ya agogo anaumba ndi iye ndipo tinalemba mkope ngati ndalama. Mukapanda kutero lasanduka thumba la munthu mmodzi lomwe lija, mwangolisintha dzina.

Pa msungichuma ndi pamene ife tinapsa. Tinapatsa achimwene aakulu chifukwa cha ulemu eti, patatha miyezi 3 mwana wadwala tikufuna ndalama, iwo akuti ndinangobwerekako pang'ono ndibweza fodya akagulitsidwa, nanga munthu woti anakulerani mungamufunse kawiri? Inapita basi. Pano amasunga ndi azakhali amene akhala mu banki mkhonde zaka zambiri, kope amalidziwa ndipo saopa nkhope ya munthu. Mlembi akhale wa nyumba ina. Gulani layini yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba, isakhale yomwe msungichuma amagulira mayunitsi, ndipo meseji iliyonse yolowa kapena yotuluka aziijambula nkuiponya pa gulupu tsiku lomwelo.

Kenako gwirizanani zimene thumba limalipira, mulembe. Ife ndi zitatu: matenda, sukulu, munda. Maliro ali ndi kachikwama kake kapadera chifukwa amatha kumeza zonse sabata imodzi. Chinkhoswe ayi, ukwati ayi, ameneyo asonkhetse payekha tidzavina nawo. Wofuna mpamba wa geni apite ku banki mkhonde komwe anzake akamulondola pakhomo, ngongole ya pachibale aliyense akudziwa mathero ake.

Ndalama musamaiyang'ane ikugona mu foni. Kwacha inagwa ndi 25% mu Meyi 2022, kenako 44% mu Novembala 2023, amene anasunga kashi analira. Ikachulukako isandutseni chinthu. Chimanga gulani nthawi yokolola cha mu Meyi ndi Juni chisanakwere, muike mmatumba a PICS aja osafuna mankhwala, pofika Januwale mudzandithokoza. Mbuzi yaikazi mupatse nyumba imodzi, ikaswa kamwana kapite nyumba ina. Malata gulani limodzilimodzi muzibisa kuseri kwa bedi, a amayi anakwana choncho.

Za sukulu ndiye ndikhalitsepo pang'ono. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994 koma ana ambiri amagwera pamene asankhidwa kupita ku sekondale, nsapato, makope, chikwama, ndalama ya boding'i kapena ya lendi ngati CDSS ili kutali. Musamwaze ndalama kwa ana 10 aliyense kulandira kachidutswa, sankhani mmodzi kapena awiri, makamaka wamasiye, mumunyamule mpaka alembe MSCE, ndipo temu iliyonse lipoti lifike pa gulupu. Zikakanika mkalasi si mathero, utelala, kuwotcherera, zamagetsi, maphunziro a TEVETA alipo. Ndipo mumuuze poyera kuti akadzayamba kupeza nayenso adzanyamula wina. Boma linakhazikitsa Malawi 2063 mu Januwale 2021, masomphenya oti dziko lidzakhale lolemera ndi lodzidalira, ine ndikamva ndimaseka kuti ndidzakhala ndilibe ndi dzino lomwe, koma kamtsikana kathu kali Fomu 1 panopa kadzakhala ndi zaka za m'ma 50 chaka chimenecho, ndiye mwina nkhaniyi ndi yake.

Chovuta kwambiri ndi kukana. Foni idzabwerabe kwa inu mwachindunji, usiku, ndi mawu achisoni. Musakalipe, musazimitse foni. Ingonenani kuti, amalume nkhaniyi ndaimva ndipo pepani, ndiipereka ku thumba, azakhali akuyankhani pofika Lachisanu. Poyamba adzakunenani kuti mwayamba matama, pakatha miyezi ingapo azolowera nkumaimbira azakhali okha. Koma ka sopo, mchere ndi usipa wa agogo kameneko muzitulutsa mthumba mwanu mukapita kukawaona, sikalembedwa mkope.