Malangizo a pulani ndi zipangizo za kandege ka balsa

Malangizo awa ndi a m'bokosi la tindege ta mtengo wopepuka wa balsa timene timachoka kuno ku Harare kupita ku Lusaka ndi ku Chipata. Mwini katundu ndiye anandipempha kuti ndiwalembe m'Chinyanja. Za kutsegula bokosi ndi kuwerenga zidutswa ndazidumpha, zimenezo mukuzidziwa.

Pulani iyenera kukhala ya saizi yeniyeni, 1:1, chifukwa phiko limamangidwa pamwamba pa pepalalo. Iyaleni pa thabwa losalala lolowa mapini, muiphimbe ndi pulasitiki yopyapyala kuti guluu asamate pepala. Pulani ikang'ambika, kapena mukafuna ndege ina, pa webusaiti ya Outerzone pali mapulani akale ambirimbiri aulere. Vuto limabwera posindikiza. Mapulani ena ochokera ku America anakonzedwera pepala la Letter, 216 × 279 mm, pomwe ife tili ndi A4, 210 × 297 mm. Wosindikiza akadina "Fit to page", kompyuta imachepetsa chilichonse osakuuzani. Muuzeni adine "Actual size", ndipo musanalipire yezani ndi lula mzera wa sikelo uli papulanipo. Inchi imodzi ikwane 25.4 mm. Ine zinandionekera pa shopu ina m'tauni muno: mapepala a phiko anatuluka ochepa kusiyana ndi a thupi, ndipo ndinazindikira nditadula kale nthiti zonse za phiko. Ngati ndalama ilipo, pitani kwa osindikiza mapulani a nyumba, akutulutsireni pa A1 yonse pamodzi.

Mawu awiri andivuta. Mtengo wautali woyenda m'kati mwa phiko, umene pa pulani alemba kuti spar, ndautcha mtanda, monga wa denga. Tizidutswa topingasa topatsa phiko maonekedwe ake ndi nthiti.

Balsa ndi mtengo wopepuka kwambiri, ndipo wambiri umachokera ku Ecuador. Malangizo a opanga tindegeti akuti: gwiritsani ntchito thabwa la 1/16 inchi pa nthiti, ndi la 1/8 inchi pa zigawo zonyamula katundu. M'mamilimita ndi pafupifupi 1.5 ndi 3. Chimene sananene n'chakuti matabwa awiri a saizi imodzi akhoza kusiyana kulemera kuwirikiza kawiri. Anyamuleni m'manja, kapena muwayeze pa sikelo ya kukhitchini. Olemera apite kumphuno ndi ku mtanda, opepuka kumchira. Mapiko awiri adulidwe ku matabwa olemera mofanana, apo ayi ndege izipendekera mbali imodzi.

Yang'ananinso mitsempha ya thabwa. Lolembedwa A lili ndi mitsempha yaitali ndipo limapindika mosavuta, n'labwino kukutira pokhota. La C limaoneka la mathothomathotho, ndi lolimba gwa, silipindika, ndiye la nthiti ndi mchira. La B lili pakati. Pa matabwa ena zilembozi palibe, choncho lipindeni pang'ono ndi zala, limveka lokha.

Balsa akasowa musathamangire malaina kapena paini. Kwa kalipentala ndi mitengo yopepuka, koma kwa kandege ndi miyala. Nsungwi yowazidwa mopyapyala imagwira bwino pa nsonga zokhota za mapiko, ndipo chiwale chouma chimasemeka mphuno. Malegeni a chubu cha njinga sayenera kulowa m'malo mwa mphira wa m'bokosi wozunguza pulopela, amaduka msanga ndipo akaduka amaphwanya thupi la ndege.

Guluu alipo wa mitundu itatu. Woyera wa akalipentala amauma mochedwa koma ndi amene ndingapatse mwana. Epoxy, guluu wosakaniza zigawo ziwiri, ndi wa polumikiza mapiko awiri pokha, chifukwa amalemera. Supa guluu amagwira nthawi yomweyo, koma amasungunula fomu yoyera ija yotetezera mafiriji m'makatoni, ndipo akadonthera pa nsalu ya thonje amatentha mpaka kuwotcha khungu. Fungo lake limalowa m'maso, tsegulani mawindo. Dope, mankhwala opaka pa pepala lokutira phiko, amayaka moto, asayandikire mbaula kapena kandulo magetsi akazima.

Malo a pulani olembedwa CG ndi pamene ndege iyenera kukhazikika mukaiika pa zala ziwiri pansi pa mapiko. Kawirikawiri amakhala pakati pa kota ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwa phiko, kuchokera kutsogolo. Mchira ukagwa, onjezerani kanthu kolemera kumphuno musanaiponye. Pulani zambiri zinajambulidwa kumaiko otsika, pomwe Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 ndipo Lusaka pafupifupi 1,300. Kuno mpweya ndi wopepukirapo, ndege yolemera imafuna liwiro lalikulu kuti isagwe. N'chifukwa chake ndalimbikira za kulemera, penti wokongoletsa ayambe wadikira.

Musaulutse pafupi ndi bwalo la ndege kapena mawaya a ZESCO. Mukadzaikamo injini ndi rimoti, yambani mwafunsa ku Zambia Civil Aviation Authority za malamulo ake. Bokosi likafika pa basi nyengo ya mvula, tulutsani matabwa, muwagoneke pamalo osalala ndi mabuku pamwamba kwa masiku awiri musanayambe kudula.