Kukonza mapu a anthu awiri mu Battle for Wesnoth

Battle for Wesnoth, masewera aulere a pa kompyuta amene David White anayambitsa mu 2003, ali kale ndi Map Editor, chida chojambulira mapu, mkati mwake. Musathamangire kujambula mapiri ndi mitsinje yokongola. Mapu abwino amayambira pa midzi ndi kutalika kwa njira, ndipo kutalikako kumawerengedwa ndi maulendo amene msilikali angayende (ulendo ndi nthawi imodzi imene wosewera amayendetsa asilikali ake), osati ndi maso.

Yambani ndi keep, pamene mtsogoleri amaima akamalemba asilikali. Mapu amagawidwa m'timalo ta ngodya 6, ndiye ku keep mulumikize timalo ta castle 5 kapena 6, pamene asilikali olembedwa amaima. Wosewera amayamba ndi golide 100 ndipo Spearman, msilikali wa mkondo, amagulidwa 14, choncho timalo tamenewa tikwanira gulu loyamba. Kenako ikani chizindikiro choyambira cha wosewera 1 ndi 2, chilichonse pa keep yake. Mukaiwala, mtsogoleri sakhala ndi poyambira.

Midzi ndiye pamene pagona nkhani. M'masewera opikisana mudzi umabweretsa golide 2 ulendo uliwonse, umachiritsa msilikali ndi HP (mapointi a moyo) 8, komanso umachepetsa ndalama zosamalira gulu. Patsani mbali iliyonse midzi 7 kapena 8. Tsopano tengani Spearman, amene ali ndi mapointi 5 oyendera, muwerenge maulendo ochokera pa castle kufika pamudzi uliwonse. Bwerezani ndi Cavalryman, msilikali wa pa kavalo wa mapointi 8. Midzi yambiri ifikike pofika ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Musaike mudzi pakatikati penipeni ayi: wosewera 1 ndiye amayamba kuyenda, adzaulanda nthawi zonse, ndipo mnzakeyo adzakhala ataluza kale golide nkhondo isanayambe.

Malo asakondere fuko limodzi mwa mafuko a m'masewerawa, monga ma Elf ndi ma Dwarf. Ma Elf akakhala m'nkhalango amazemba 60 mpaka 70 peresenti ya zowalasa, ma Dwarf pamapiri amazemba 70, pomwe Spearman akalowa m'madzi osaya amazemba 20 yokha ndipo kamalo kamodzi kamamudyera mapointi 3. Nkhalango yaikulu yogundizana imasanduka linga la ma Elf, choncho iduleni m'timagulu ta malo awiri kapena atatu, pakati pakhale udzu. Mtsinje wautali uikireni milatho kapena pamadooko, apo ayi mwaupereka kwa ma Merman a m'madzi ndi ma Drake ouluka. Phiri logundana ndi mudzi wakutsogolo nalonso n'loopsa, chifukwa Dwarf akakhazikikapo kumuchotsa n'kovuta.

Njira zikhale ziwiri kapena zitatu. Msilikali wa level 1 kapena kuposa amaimitsa pafupifupi mdani aliyense wolowa pamalo oyandikana naye, ndiye pampata wa timalo titatu munthu mmodzi yekha amachedwetsa adani kwambiri. Mpata ukakhala umodzi, onse amangoyang'anizana osamenyana.

Kumbukiraninso kuti tsiku limazungulira m'maulendo 6. Asilikali ena amatchedwa a lawful, ena a chaotic. A lawful amawonjezera mphamvu ndi 25 peresenti masana n'kuchepekedwa chimodzimodzi usiku, a chaotic mosemphanitsa. Pakati pa magulu awiriwa pakhale mtunda woti wofooka abwerere m'mbuyo osataya midzi yake yonse. Mtundawo ukatalikanso kwambiri, woukira amafika nthawi yake itatha.

Mukasunga fayilo ya .map, yesani ma Undead (ambiri ndi a chaotic) ndi ma Loyalist (ambiri ndi a lawful), kenako muwasinthanitse mbali. Ngati mbali imodzi ikupambanabe, sunthani mudzi umodzi kapena phiri limodzi, muyesenso musanakhudze china.