Kupanga cube, cylinder ndi cone ya mapepala pophunzitsa masamu

Aphunzitsi anzanga, cube yojambula pa bolodi ija mwana amangoona mizere basi, mukamufunsa kuti ili ndi ma face (mbali zafulati) angati amawerenga atatu akuonekawo nkuthera pomwepo. Mpatseni yoti agwire m'manja azitembenuza yekha.

Zipangizo zake ndi za TALULAR zomwe zija, zophunzitsira zopezeka kwathu komweko, katoni yopyapyala ngati ya sopo kapena kalendala yakale, rula, kampasi, protractor, sizasi, bolopeni yotha inki ndi guluu. Guluu akasowa phikani kaphala ka ufa wa chinangwa, kamagwira bwinobwino kungoti mphemvu zimakakonda heve, ine ma pyramid anga ndinawapeza atadyedwa m'makona onse titabwera ku holide.

Yambani ndi cube. Jambulani ma square anayi a 5 cm mondondozana, kenako imodzi pamwamba ina pansi pa square yachiwiri, chioneke ngati mtanda, imeneyo ndiye net. Musanadule siyani timakutu ta 1 cm topakapo guluu m'mbali zomwe zikakumane, timafunika 7 chifukwa pa ma edge 12, mizere yomwe ma face awiri amakumana, 5 ndi opinda chabe. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, timadula mosangalala kenako nkuzindikira kuti palibe pomata. Mizere yopinda idutsitseni kaye bolopeni yakutha ija motsamiza pa rula, pepala limapindika mowongoka ngati lasitidwa.

Mtanda si net yokhayo ayi, cube ili ndi ma net 11 osiyana. Ana musawauze, agaweni m'magulu asake okha, phokoso likhalapo ndithu koma ndi la ntchito. Akamata awerenge ma face, makona ndi ma edge, 6 kuphatikiza 8 kuchotsa 12 yankho 2. Pyramid ya pansi pa square, 5 kuphatikiza 5 kuchotsa 8, yankho 2 yemweyo. Zimenezi anazilemba Leonhard Euler wa ku Switzerland mu 1750.

Koma yomwe ndimaikonda ine ndi ya cone ndi cylinder, ndipo apa miyezo isaphonyeke. Cylinder: dulani rectangle ya 8 cm m'lifupi ndi 37.7 cm m'litali, onjezani kakhutu komatira, izungulizeni mumate. 37.7 imeneyo ndi 2 x 3.14 x 6, ndiye pansi pake pakhala circle ya radius 6 cm, idulireni timano kuzungulira kuti imatike. Pamwamba musatseke. Pepala la A4 silikwana apa poti limathera pa 29.7 cm, nchifukwa chake ndinati kalendala.

Cone: tsegulani kampasi 10 cm, jambulani circle, yezani 216 degrees kuchokera pakati nkudula chigawo chimenecho, kakhutu osaiwala. Mukachipinda ngati kanyuzi kokulungira mtedza wokazinga, m'mphepete nkungokumana osapitirirana, cone yake imatuluka ya radius 6 cm ndi msinkhu 8 cm, ndendende ndi cylinder ija. Ana a ku sekondale afunseni kuti 10 wachokera kuti, ndi lamulo la Pythagoras lija la triangle ya kona ya 90 degrees, mbali zake 6, 8, 10, ndipo 216 ndi 6/10 ya 360.

Tsopano tumani mwana akatape mchenga wouma panja, wonyowa umafewetsa pepala komanso umakanirira kunsonga. Afunseni kaye kuti ma cone angati adzadza cylinder, ambiri amati awiri, ena mpaka kubetcha. Adzadze cone, asalaze pamwamba ndi rula, akhuthulire mu cylinder. Kachiwiri ikadali ndi malo. Kachitatu ndi pomwe imadzadza, ndiye 1/3 wa mu formula ya volume ya cone uja mulembe pa bolodi nthawi imeneyo, osati poyamba. Mchenga ukaperewera pang'ono kapena kusefukira onani pomata paja, ukaperewera kawirikawiri cone imakhala yapitirirana nkuchepa.