Mukafuna kulemba mbiri ya Beatrix Potter, musathere pa kalulu

Anthu ambiri akamva dzina la Beatrix Potter amangoganiza za Peter Rabbit, kakalulu kovala jekete yabuluu kaja, ndiye akauzidwa kuti alembe mbiri yake amangoti anabadwira ku London mu 1866, analemba mabuku a ana, anamwalira mu 1943, basi yatha. Koma mayiyu anakhala zaka 77, ndipo zaka zomwe ankalemba mabuku mwamphamvu ndi zochepa kwambiri. Ndiye ngati mukufuna kuti mbiri yanu ikhale ndi mnofu, chitani chonchi.

Yambani ndi zomwe analemba asanatchuke. Kuyambira ali mtsikana mpaka chamma zaka 30 ankalemba za tsiku ndi tsiku mu zilembo zachinsinsi zopeka yekha, moti palibe ankatha kuziwerenga mpaka wofufuza wina dzina lake Leslie Linder anazitulukira mu 1958 ndipo zinasindikizidwa mu 1966. Mmenemo mupezamo munthu wa sayansi weniweni, wokonda bowa, amaujambula mosamala zedi, ndipo mu 1897 pepala lake lofotokoza mmene bowa amamerera linaperekedwa ku Linnean Society, bungwe la akatswiri a zomera ndi nyama, koma mwini wake sanakhalepo poti azimayi sankaloledwa pa misonkhano imeneyo. Zithunzi zake zambiri za bowa zili ku Armitt, nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi mabuku m'tawuni ya Ambleside ku England. Mukaziona mumvetsa chifukwa chake nyama za m'mabuku mwake ngakhale zivale malaya zimaonekabe kuti ndi nyama zenizeni, mafupa ake ali pamalo pake.

Kenako ikani zaka mu ndondomeko, pamenepa mpomwe ambiri amasokoneza. Nkhani ya kalulu inayamba ngati kalata yokhala ndi zithunzi mu 1893, yopita kwa Noel Moore, kamnyamata komwe kankadwala, mwana wa mphunzitsi wake wakale. Makampani atakana kusindikiza anadzisindikizira yekha makope 250 mu 1901, kampani ya Frederick Warne ndiyo inalitulutsa mu 1902. Werengerani, apa nkuti ali ndi zaka 36 ndipo akukhalabe kwa makolo ake.

Chaka cha 1905 musachithamangire ayi. Norman Warne, mkonzi wake, anamufunsira ukwati, makolo anakana eti chifukwa anali munthu wa bizinesi wosafika pa ulemu wa banja lawo, iye anavomerabe, koma patangotha mwezi umodzi Norman anamwalira. Chaka chomwecho Beatrix anagula famu ya Hill Top m'mudzi wa Near Sawrey mu Lake District, dera la nyanja ndi mapiri ku England. Ine ndimaona kuti apa mpomwe pali msana wa nkhani yonse, zina zonse zikuchokera pamenepa.

Tsopano tsatirani ndalama, musachite nazo manyazi. Mayiyu anali wochenjera pa malonda, mu 1903 analembetsa kale mwalamulo chidole cha Peter Rabbit, ndipo ndalama za mabuku ankagulira minda. Mukamawerenga mabuku ake werengani motsatana mmene anatulukira, mapu ali pambali, muona kuti ena a pakati pa 1905 ndi 1913 monga la Tom Kitten la 1907 ndi la Jemima Puddle-Duck la 1908 akuchitikira pa nyumba ndi pabwalo la Hill Top lomwelo.

Mu 1913 anakwatiwa ndi William Heelis, loya yemwe ankamuthandiza pogula malo, ali ndi zaka 47. Kuchokera apo mabuku anayamba kuchepa, maso anayamba kufooka komanso mtima wonse unapita ku ulimi. Musalembe ngati zinali zachisoni ayi, iyeyo ndi zomwe ankafuna, anthu akumeneko ankangomudziwa kuti Mrs Heelis woweta nkhosa za mtundu wa Herdwick, zija zopirira kuzizira kwa m'mapiri. Mu 1923 anagula famu yaikulu ya Troutbeck Park, nkhosa zake zinkawina pa zionetsero, ndipo mu 1943 anasankhidwa kuti akhale pulezidenti wa bungwe la oweta Herdwick, mzimayi woyamba, kungoti anamwalira asanayambe udindowo.

Chenjezo limodzi, musamusandutse agogo okoma mtima ofotokozera ana nthano pamoto. Analibe ana ake, amalankhula mosapsatira, ndipo mu buku loyamba lomwelo bambo ake a Peter anawaphika, anthu nkuwadya. Ngati mukulembera ana mutha kufewetsa mawu koma osachotsa zimenezo, ana amazikonda kuposa mmene akuluakulu timaganizira.

Gawo lomaliza likhale la wilo yake. Anasiyira National Trust, bungwe losamalira malo achilengedwe ndi nyumba zakale, maekala oposa 4,000 pamodzi ndi mafamu ndi nkhosa zake, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake fufuzani za Hardwicke Rawnsley, mmodzi mwa oyambitsa bungweli, yemwe anakumana naye mu 1882 banja la a Potter lili pa tchuthi ku Wray Castle. Hill Top amaitsegulira alendo, ndipo mapepala ndi zojambula zake zambiri zili ku Victoria and Albert Museum ku London, zina mutha kuziona pa intaneti.