Momwe ndinaletsera ma puffer kudya michira ya anzawo

Michira ya ma guppy anga, tinsomba tokongoletsa timene ndinkaweta m'thanki yagalasi, inayamba kung'ambika, ina mpaka kutheratu. Zinkaoneka ngati matenda a zipsepse, koma nditakhala phee pafupi ndi galasi ndinamugwira wolakwa: ka pea puffer, kansomba kochokera ku Kerala ku India, kotalika masentimita atatu okha. Kamayandama pang'onopang'ono ngati kosadziwa kanthu, diso lililonse likuyang'ana kwakekwake, kenaka n'kulumphira mchira wa mnzake.

Tinsomba timeneti n'tolusa, ndipo nsomba za michira italiitali zosambira mwaulesi sizingakhale nato. Ma guppy ndinakawasiya kwa alamu anga ku Mufakose, muno mu Harare. M'thankimo ndinadzalamo zomera za m'madzi zambiri, Java moss ndi Anubias, kuti ma puffer asamaonane nthawi zonse, chifukwa nawonso amalimbirana malo. Okhala nawo ndinasankha tinsomba totchedwa otocinclus, tomwe timangotanganidwa n'kupala ndere pagalasi osaputa aliyense. Shrimp (tizilombo ta m'madzi tapachibale ndi nkhanu) musayerekeze n'komwe, ndi ndiwo imeneyo.

Njala nayo inkawonjezera ukali, poti ma flakes, chakudya chouma cha nsomba, ma puffer ankangowayang'ana osadya. Pano ndimaweta tinkhono ta ramshorn m'chidebe pakhonde, n'kumawonjezera ma bloodworm (timphutsi tofiira) a m'firiji. Muone momwe kamazungulirira nkhono kasanaijomphe!

Chotsala ndi chisanu cha ku Harare kuno mu Juni ndi Julayi. Madzi amafunika akhale pakati pa madigiri 24 ndi 28 a Celsius, choncho magetsi akathima usiku ndimaifunditsa thankiyo bulangete.