Musanalipire kamera yakale ya filimu ya 120, iyeseni chonchi

Mitengo ya makamera ogwiritsa filimu yaikulu ya 120 yakwera, koma makamerawo akungokalambirabe. Hasselblad 500C inatuluka mu 1957, Pentax 6x7 mu 1969, Mamiya RB67 mu 1970. Zambiri zimene mukuziona pa Facebook ndi pa eBay zinagwira ntchito zaka zambirimbiri m'manja mwa ojambula maukwati amene sankazipatsa mpumulo. Tsono inu achinyamata a ku Mufakose ndi ku Dzivarasekwa kuno ku Harare amene mumandiimitsa tikatuluka m'tchalitchi n'kumati "Madala, tigule iti?", yankho langa silisintha: gulani imene munthu wa manja aluso angathe kuitsegula n'kuikonza, ndipo musatulutse dola musanaiyese.

Kukwera kwa mitengoku n'kosavuta kukumvetsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 akatswiri anathamangira ku dijito n'kugulitsa makamerawa pa mtengo wotaya. Opanga nawo anagwa mphwayi. Tamron inasiya kupanga ma Bronica a situdiyo mu 2004, Kyocera inathetsa Contax mu 2005, ndipo Hasselblad inatsiriza mtundu wake wa V mu 2013. Kenaka achinyamata akunja anayamba kuwatama pa YouTube ndi pa Instagram. Ofuna akuchuluka, katundu akuchepa, pakuti kamera ikafa imaphwasulidwa kuti zitsulo zake zichiritse zinzake. Okonza amene anaphunzira ntchitoyi mafakitale akadalipo nawonso akupuma mmodzimmodzi.

Choyamba kufunsa n'chakuti kamerayo imayenda ndi sipulingi kapena ndi batire. RB67, Hasselblad 500C/M, Mamiya C330, Rolleiflex ndi Yashica Mat-124G zimajambula popanda batire. Mkati mwake ndi magiya, masipulingi ndi mafuta, ndipo zikadwala kawirikawiri vuto limakhala mafuta ouma ndi litsiro. Contax 645 ya mu 1999 ndi Mamiya 7 ya mu 1995 ndi nkhani ina. Malenzi ake ndi okoma, sindikana, koma lero zimadya madola masauzande angapo, ndipo kabolodi ka magetsi kakapsa mkatimo palibe fakitale imene ingakupatseni kena. Kwa munthu wokhala ku Harare, kutali ndi okonza odziwa zamagetsi zotere, imeneyo ndi juga. Ma Bronica a ETR ndi SQ nawonso amadalira batire, koma ndimawakhululukira chifukwa mtengo wake ukadali wapansiko, moti thupi likafa mumagula lina n'kusunga malenzi anu. Za Kiev 88 sindinena zambiri, isiyeni kwa okonda kuphwasula zinthu.

Tsiku lokumana ndi wogulitsa tengani tochi yaing'ono, batire latsopano ngati kamerayo imafuna batire, ndi filimu imodzi yotsika mtengo. Kumanani masana, pabwalo, osati m'galimoto madzulo.

Yambani ndi mphuno. Tsegulani kumbuyo mununkhize. Fungo la chinyontho likuuzani kuti kamerayo inagona m'wadirobu nyengo zamvula zambiri. Mukatero yang'anani timasikulu. Mitu yake ikakhala yokalikakalika, dziwani kuti wina analowamo kale ndi chida cholakwika, ndipo mufunse kuti ankafunamo chiyani.

Lenzi muitsegule kabowo konse, muunike ndi tochi kuchokera kumbuyo, inu mukuyang'ana chammbali. Fumbi pang'ono lisakuopseni, silioneka pa chithunzi. Choopsa ndi chuku chooneka ngati timizu toyera toyanga pagalasi, chifukwa chikakhalitsa chimadya utoto wa galasilo ndipo chipsera chake sichichoka. Chifunga cha mkati chimafooketsa chithunzi, makamaka mukajambula moyang'anana ndi dzuwa, komabe nthawi zina chimapukutika. Mukaona mitundu ngati ya utawaleza m'mphepete mwa galasi, ndiye kuti guluu wolumikiza magalasi awiri wayamba kulekana, ndipo kukonza kwake kumatha kuposa mtengo wa lenziyo.

Pa shutter, kachitseko kamene kamatseguka n'kutseka kuti kuwala kufike pa filimu, m'pamene muyenera kukhalitsa. Ikani pa sekondi imodzi, dinani, mumvetsere. Yabwino imalira mosadukiza kuyambira potseguka mpaka potseka. Yotopa imayamba bwino, n'kuzengereza pakati, mwina n'kuimiratu ili chitsegukire. Bwerezani kangapo, kenaka mukwere liwiro lililonse mpaka pa 1/400 kapena 1/500, mutaloza kumwamba, kumbuyo kuli kotsegula, diso likuona ngati kuwala kukufupika pa sitepe iliyonse. Wogulitsa akati "ingofunika kutenthetsa pang'ono", akukuuzani kuti ikufunika kutsukidwa, ndipo ndalama yotsukirayo ichoke pa mtengo. Kumbukiraninso kuti pa Hasselblad, RB67 ndi ma Bronica a ETR ndi SQ shutter ili m'lenzi. Ngati akukugulitsani malenzi atatu, ndiye ma shutter atatu oti muyese, iliyonse payokha. Onani ngati timapeni ta mkatimo tili ndi mafuta, pakuti toyenera timakhala touma gwa.

Kamera iliyonse ili ndi mwambo wake, ndipo anthu ambiri amaithyola tsiku lomwe aigula. Pa Hasselblad musachotse kapena kuika lenzi thupi ndi lenziyo zisanakokedwe zonse ziwiri kukonzekera kujambula, apo ayi zimamangana osasunthanso. Pa Pentax 6x7 yokhala ndi mita yoyezera kuwala pamwamba, mukachotsa chapamwambacho, chotsani kaye lenzi musanachibwezeretse, chifukwa mkatimo muli katcheni kakang'ono kamene kamaduka. Pentax yomweyi siikoka popanda filimu pokhapokha mutazunguliza kowerengera zithunzi kupitirira 1 kumbuyo kuli kotsegula, n'kukagwira potseka. Wogulitsa wosadziwa zimenezi amatha kuganiza kuti kamera yafa, ndipo apo mtengo umatsika wokha. Shutter ya Pentax imeneyi ndi yansalu, choncho iunikeni ndi tochi muone ngati ilibe timabowo. RB67 Pro-S ya mu 1974 imakana kujambula ngati simunasolole kachitsulo kotchinga filimu, ndipo kukoka shutter ndi kukoka filimu ndi ntchito ziwiri zosiyana. Imalemeranso makilogalamu awiri ndi theka n'kupitirira, ndiye ngati maloto anu ndi oyenda nayo wapansi mu First Street tsiku lonse, inyamuleni kaye kwa mphindi khumi muli chiimire.

Siponji yakuda yotchinga kuwala m'mphepete mwa chitseko imasungunuka n'kumamata zala. Izi n'zazing'ono, mukhoza kupala ndi kamtengo n'kumatapo ina nokha. Mvukuto wa RB67 kapena wa C330, chopindikapindika chija cha pakati pa lenzi ndi thupi, muutambasule wonse, muike tochi mkati muli pamthunzi, muone ngati m'makona mukutuluka kuwala. Pa makamera a maso awiri ngati Yashica ndi Rolleiflex, onani ngati nkhope yake ikutuluka mowongoka mukamazunguliza kolunjikitsira. Ikapendekeka, kamerayo inagwapo, ndipo chimene diso lapamwamba likuona sichigwirizana ndi chimene lapansi likujambula. Mita ya Yashica ikakhala yakufa musadandaule. Inkafuna batire la mercury la 1.35V limene linasiya kupangidwa, ndipo foni yanu ikhoza kuyeza kuwala. Dzuwa la kuno masana, filimu ya ISO 100, ikani kabowo ka lenzi pa f/16 ndi liwiro la shutter pa 1/125, simuphonya kwambiri.

Zonsezi zikatha, pemphani kujambula filimu imodzi musanamalize kulipira. Pa kamera yojambula zithunzi za masentimita 6x6 mutuluke zithunzi 12, pa ya 6x7 zithunzi 10, zotalikirana mofanana. Zikakwerana, magiya okoka filimu atha. Mizere yowala m'mbali ikusonyeza kuti kuwala kukulowa. Wogulitsa wokana mayeso amenewa ndimamutsanzika mwaulemu.

Mukamaitanitsa ku Japan kapena ku Johannesburg simungathe kununkhiza kapena kumvetsera, ndiye pemphani vidiyo ya shutter ikulira pa sekondi imodzi ndi zithunzi za lenzi itaunikidwa ndi tochi. Mawu okometsa a pamutu wa malonda musawasamale, werengani zolembedwa m'munsi, m'mene amaulula za chuku ndi chifunga. Werengeranitu ndalama yotumizira ndi msonkho wa ZIMRA (bungwe lotolera misonkho kuno ku Zimbabwe), ndipo dziwani kuti kubweza katundu kuchokera kuno n'kodula moti ambiri amangogonja. Ine ndimati ngati muli ndi madola okwanira kamera yokha, simunakonzeke. Gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zanu likhale la wokonza ndi la filimu.

Filimuyo ikupangidwabe. Ilford HP5 ndi FP4, Kentmere ndi Fomapan zilipo za zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo Kodak inabweretsa Gold 200 ya 120 mu 2022, ngakhale Fujifilm inathetsa Pro 400H mu 2021. Bokosi la kumbuyo kwa kamera loikamo filimu lolembedwa 220 musaliwonjezere ndalama, filimu yake n'njosowa. Wachibale akamakubweretserani pa ndege, apemphe achitetezo kuti filimuyo aione ndi manja, chifukwa makina atsopano a CT a m'mabwalo a ndege amaiwononga. Yakuda ndi yoyera mukhoza kutsuka kunyumba ndi madzi a madigiri 20, ndipo mankhwala a Rodinal amakhala nthawi yaitali osawonongeka, zimene zimathandiza ife ogula mwa apo ndi apo.

Kamera ikafika pakhomo, ichotseni m'chikwama chake chachikopa, pakuti chikopa chimasunga chinyontho. Kuyambira Novembala mpaka Marichi isungeni m'chigubu chapulasitiki chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muzitiumitsa kawirikawiri. Mphepo ya fumbi ya mu Ogasiti ikayamba, musasinthire lenzi pabwalo. Batire musalisiye mkati. Kamodzi pamwezi itulutseni, mudine shutter pa liwiro lililonse ngakhale mulibe filimu, kuti mafuta asaume malo amodzi.