Mmene mungaligwirire bwino liwu la Chingerezi lakuti "time"

Tsiku lina pa chipata cha Zóbuè, m'malire a Mozambique ndi Malawi, kunagwa chimvula kuyambira m'bandakucha, malole atandandalika kudikira mapepala. Nthawi imeneyo ndinkathandiza madalaivala kulemba mafomu a katundu. Dalaivala wina wochokera ku Johannesburg anatsika atanyowa, ndipo ine pofuna kumuchezetsa ndinati, "The time is very bad today." Mkuluyo anayang'ana wotchi yake, anaigwedeza, kenako nkundiyang'ana ngati ndalawa kachasu m'mawamawa. Ine ndinkanena za mvula. M'mutu mwanga munali Chipwitikizi, momwe "tempo" ndi nthawi, "tempo" yomweyonso ndi nyengo. Pa Chingerezi za mvula, dzuwa ndi mphepo ndi "weather", ndipo "time" safikako.

Chingerezi ndinachiyambira ku Dedza komwe tinathawira nkhondo, ndipo titabwerera kwathu ku Angónia, m'dziko la Mozambique, mtendere wa 1992 utabwera, sukulu ndinaipitiriza m'Chipwitikizi. Masiku ano ndimaphunzitsa achinyamata madzulo ku Ulongwe, ambiri mwa iwo maso ali ku migodi ya malasha ku Moatize kapena pa malole oyenda pakati pa Beira, Harare ndi Blantyre. Onsewa amapunthwa pamalo amodzimodzi pomwe ndinapunthwa ine.

Choyamba chitani ichi: musanatulutse "time" pakamwa, dzifunseni kuti m'Chipwitikizi mukananena "hora", "vez" kapena "tempo". Chingerezi chinaunjika zitatuzi m'thumba limodzi, ndiye chozisiyanitsa ndi timawu ting'onoting'ono timene timakhala pambali pa liwulo. Timawuto ndiye tofunika kutiloweza.

Ngati mukufunsa za koloko, nenani "What time is it?" Musatengere "Que horas são?" nkumafunsa za "hours", sadzakumvani. Kumbukiraninso kuti 14 horas yathu ija anzathu ambiri a Chingerezi pocheza amati "2 p.m." kapena "two o'clock". Pali msampha wina umene unamugwira mphwanga mumzinda wa Tete. Foni yake itatha moto, anaima pafupi ndi mayi wina wachizungu pa banki nkufunsa, "Do you have time?" Mayiyo anakumbatira chikwama chake nkusuntha. Atandifotokozera ndinamuuza kuti, "Iwe, wawafunsa mayi aja ngati ali ndi mpata wocheza nawe." Iye anati, "Achimwene, inetu ndimangofuna kudziwa ngati yakwana 12." Chimene anasiya ndi "the" basi. "Do you have the time?" ndiye kufunsa koloko. Popanda "the" mukupempha mpata wa munthu.

Ngati mukunena "vez", kapena kuti kangati, apa "time" amawerengeka ndipo amalandira "s". Kamodzi ndi "once", kawiri ndi "twice", kuyambira katatu ndiye "three times", "four times", mpaka "many times". Funso lake ndi "How many times?" Masamu ochulukitsa amayendanso momwemu: "three times four is twelve". Koma mukamanena "tempo", nthawi imene ikudutsa, ili ngati ufa, suwerengeka ndi zala: "How much time do we have?", "I don't have much time." Mukati "I don't have many times" mwasokoneza matumba awiri. Chodabwitsa n'chakuti mukaikapo mawu ofotokoza kutalika kapena kukoma kwa nthawiyo, "a" amabwera: "a long time", "a short time", "we had a good time". Izi musafunse chifukwa chake, ingolowezani. Ndipo ponena kuti mwamudziwa munthu kwa nthawi yaitali, ndi "I have known him for a long time". Ambiri amaika "since" pamenepo, pomwe "since" amafuna poyambira penipeni, monga "since 2015" kapena "since Monday".

China chimene Chipwitikizi chimatinamiza: timati "na próxima vez", "da última vez", ndiye ophunzira anga amalemba "in the next time". Chotsani "in" ndi "the" yemwe. Ndi "next time", "last time", "this time", "every time", opanda kanthu kutsogolo. Komanso "next time" akamayamba kachiganizo konga "mukadzabweranso", m'kachiganizo kameneko musaikemo "will" ngakhale nkhaniyo ili ya m'tsogolo: "Next time you come to Tsangano, bring sacks", osati "you will come". Mlendo amene walawa koyamba nyama ya mbuzi ya ku Tete anganene kuti "This is the first time I have eaten Tete goat." Pamenepa "have eaten" ndi wokakamiza. Ife pakamwa pathu pamafuna kutuluka "the first time I eat", chifukwa m'Chipwitikizi timati "é a primeira vez que como".

Tsono tifike pa awiri amene ndimathera nawo sabata yathunthu m'kalasi, "on time" ndi "in time". Kusiyana kwake ndi kalemba kamodzi, koma nkhani zake n'zosiyana. "On time" ndi kufika pa ola lenileni limene munapangana, osachedwa. Akakuitanani kukayankha mafunso a ntchito 8 koloko, inu nkulowa pakhomo 8 koloko, muli "on time". Sitima, ndege, malipiro, misonkhano, zonse zokhala ndi ndandanda zimayenda ndi "on time". "In time" sayang'ana ndandanda, amayang'ana ngati mwafika zinthu zisanaonongeke, chitseko chisanatsekedwe. Lole ikafika pa chipata atatsala pang'ono kutseka nkuwoloka, dalaivala amati "I arrived just in time." Mwina anachedwa maola atatu pa nthawi imene bwana wake anamuuza, choncho sanali "on time" ngakhale pang'ono, koma anali "in time" kuti awoloke. Ine ndimawauza ophunzira kuti aganize za shapa, minibasi yathu ija. Shapa yathu sinyamuka ndi koloko, imanyamuka ikadzaza, ndiye kunena kuti mwaifikira "on time" n'kunama. Mukaipeza patatsala mpando umodzi, mwafika "in time". Kawirikawiri "in time" amatsatana ndi "to" kapena "for": "in time to catch the bus", "in time for lunch". Amene akudziwa "a tempo de" sangavutike apa.

Za kuthera nthawi pa chinthu n'zachidule. "Spend time" ndi "passar tempo", "waste time" ndi "perder tempo" ija yotaya nthawi pachabe, ndipo mneni wotsatira amathera ndi "-ing": "I spent two hours loading potatoes", "Don't waste time arguing." Chimodzimodzi "I had a hard time finding diesel", kutanthauza kuti ndinavutika kupeza dizilo. Wina akakuuzani "take your time" sakukuthamangitsani, akuti chitani mosapupuluma.

Pali ziwiri zimene ngakhale omaliza sekondale amazizemba. Choyamba ndi "It's time". Chophweka ndi "It's time to go", nthawi yonyamuka yakwana. Koma mukatchula munthu, mneni amavala za kale pomwe nkhani ili ya lero: "It's time we went", "It's time you paid me." Chiganizo chachiwirichi chili ndi kakudandaula mkati, ngati mmene timanenera kuti "mpaka liti kodi?", ndipo mukafuna kuti chiwawe kwambiri mumati "It's high time you paid me." Musawauze zimenezi apongozi. Chachiwiri ndi "by the time", kutanthauza kuti pofika pamene chinthu china chikuchitika, china chinali chitatha kale: "By the time we reached Moatize, the office had closed." Taonani "had closed". Za m'tsogolo ndi "By the time you arrive, I will have left", ndipo apanso "will" saloledwa kukhala pafupi ndi "by the time", amapita mbali inayo.

Poyeserera, tengani ulendo umodzi umene munayendadi, tinene wochoka ku Ulongwe kupita mumzinda wa Tete, muulembe m'ziganizo khumi, chilichonse chikhale ndi "time". Munanyamuka ola lanji, apolisi anakuimitsani kangati, munadikira nthawi yaitali bwanji, munafika pa mlatho wa Samora Machel dzuwa lisanalowe kapena ayi. Mukamaliza, pambali pa "time" aliyense lembani ndi pensulo "hora", "vez" kapena "tempo", kenako onani ngati "s", "a", "the", "on" ndi "in" akhala malo awo. Werengani mokweza kawiri, tsiku lotsatira mulembe ulendo wobwerera.